Zinyalala Zikabwerera M'dziwe Losambira, Musathamangire Kusintha Mchenga

Ambiri amene amasamalira madziwe osambira, kaya kumalo ogona alendo ku Mangochi kaya m'nyumba za mabwana ku Johannesburg, akangoona zinyalala zikubwerera m'madzi amati mchenga wa mu sefa watha ntchito, basi kukagula wina. Komatu nthawi zambiri mchengawo ulibe mlandu.

Yambani mwaona chimene chikutuluka. Mukapeza kamulu ka mchenga pansi pa dziwe, pafupi ndi potulukira madzi ochokera mu sefa, dziwani kuti kamodzi mwa timapaipi tapulasitiki ta pansi pa thanki ya sefa, tomwe amati ma lateral, kang'aluka. Ngakhale muthire mchenga watsopano, udutsira pomwepo. Ngati ndi fumbi lokha limene limatuluka mukangomaliza backwash (kutsuka sefa poyendetsa madzi chobwerera m'mbuyo), mwina mumadumpha rinse (kutsukuluza mchenga madzi asanayambenso kubwerera m'dziwe). Muziyipatsa masekondi 30. Zikapitirira, tsegulani valavu ya sefa, ija yosinthira pakati pa backwash ndi rinse, muone labala lake, lomwe limang'ambika munthu akamatembenuza chogwirira pampu ikuyenda.

Nayo backwash ya tsiku ndi tsiku ija n'kungotaya madzi, poti mchenga wodako pang'ono ndi umene umakola bwino tizinyalala. Musanachite backwash, dikirani geji ya pa sefa, yoyeza mphamvu ya madzi, ikwere ndi 8 mpaka 10 psi (muyezo wa pa gejiyo) kuposa pamene inaloza sefa itangotsukidwa.