Stone Town kapena Ilha de Moçambique, nkhani yake inayambira patali

Anthu akafuna kukaona matauni akale a m'mbali mwa Indian Ocean ambiri amangoti Zanzibar basi, Stone Town, pomwe kumwera kwake kuli kachilumba kena, Ilha de Moçambique, komwe dziko lonse la Mozambique linatengerako dzina. Onse awiri ali pa mndandanda wa UNESCO, nthambi ya United Nations, wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse, Ilha inalowa mu 1991, Stone Town mu 2000. Pa zithunzi mungati ndi amodzi, nyumba za miyala ya m'nyanja ndi laimu, zitseko zogoba, mizikiti, maboti a matanga, koma mukafika mupeza kwina kuli piringupiringu kwina kuli zii, ndipo kusiyanaku sikwadzana ayi.

Vasco da Gama anafika pa Ilha mu 1498, anapezapo kale Aswahili ndi Aluya akuchita malonda awo. Apwitikizi anakakonda kachilumbako chifukwa zombo zopita ku India zimapumirapo, ndiye mu 1522 anamanga katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte kumapeto kwenikweni kwa chilumba, kameneka ndi komwe amati ndi nyumba yakale kwambiri ya Azungu yomwe ikadalipo kumwera kwa equator. Mu 1558 anayamba linga la São Sebastião, chimalinga chachikulu zedi moti Adatchi analizinga mu 1607 komanso 1608 koma anabwerera chimanjamanja. Kumpoto Apwitikiziwa zinthu sizinawayendere choncho. Aluya a ku Oman anawalanda linga la Fort Jesus ku Mombasa mu 1698, ku Zanzibar nakonso anathamangitsidwa, gombe n'kugawika pawiri, kumpoto kwa a Oman kumwera kwa Apwitikizi. Ndiye matauni awiriwa anakula mbali ziwiri za mkangano umodzi.

Stone Town inadzalemera mochedwa. Seyyid Said, sultan wa ku Oman, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat cha m'ma 1840 ndi pomwe ndalama zinayamba kusefukira, minyanga ya njovu, minda ya ma clove, ndi akapolo. Apa ndi pomwe ine ndimafuna mlendo aliyense aime kaye asanayambe kujambula zitseko zija, chifukwa ambiri mwa anthu omwe amagulitsidwa pa msika wa Zanzibar anayenda wapansi miyezi kuchokera mkati mwa Africa, madera a kunyanja zikuluzikulu, kudzera Kilwa ndi Bagamoyo, ndipo ochuluka anafera m'njira. Msikawo unatsekedwa mu 1873, Sultan Barghash atapanikizidwa ndi Angerezi kudzera mwa kazembe wawo John Kirk, ndipo pamalo pomwepo a mishoni ya Anglican ya UMCA anamanga tchalitchi cha Christ Church. Bishopu Edward Steere yemwe anayang'anira ntchitoyo anaikidwa kuseri kwa guwa, ndipo mkatimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, komwe anakwirira mtima wa David Livingstone. Barghash yemweyo ndi amene anamanga House of Wonders mu 1883, nyumba yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi ndi lifiti, zachisoni mbali ina inagwa mu December 2020. Pafupi pomwepo ndi pomwe panachitikira kankhondo ka pa 27 August 1896, zombo za Angerezi zinaphulitsa nyumba ya sultan nkhondo n'kutha ola lisanakwane.

Ilha nayo si yoyera pa nkhani ya ukapolo, anthu ambirimbiri anakwezedwa zombo pamenepo kupita ku Brazil ndi ku zilumba za Afalansa. Chombo cha São José chinanyamuka pa Ilha mu 1794 ndi anthu oposa 400, n'kukamira ku Cape Town.

Nanga bwanji lero kwina kuli moyo kwina kukuoneka ngati kunaiwalika? Suez Canal itatsegulidwa mu 1869 zombo zopita ku India zinasiya kuzungulira kumwera, kenako golide wa ku Transvaal, ku South Africa, anakokera chuma chonse kumwera, mu 1898 Apwitikizi n'kusamutsira likulu ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Doko la Nacala linadzamaliza kulanda kotsala. Palibe amene anali ndi chifukwa chogumula nyumba zakale n'kumanga zatsopano, ndiye zinangokhala momwemo, zina kumagwa zokha, mitengo kumera m'makoma. Zanzibar yokha sinasiye kukhala likulu, ngakhale pambuyo pa kuukira kwa January 1964 pomwe ufumu wa sultan unatha ndipo eni nyumba ambiri, Aluya ndi Amwenye, anathawa, nyumbazo zinalowa anthu ena, pano zambiri ndi mahotela ndi mashopu.

Chomwe chimandigwira mtima pa Ilha ndi ichi. Chilumbacho ndi cha makilomita 3 okha mulitali koma chagawika pawiri, kumpoto tauni ya miyala, kumwera Macuti, dera la nyumba zofolera masamba a kokonati. Mukamayenda pa msewu mumaona madenga a ku Macuti ali m'munsi mwanu, chifukwa pamenepo ndi pomwe amakumba miyala yomangira nyumba za mabwana, anthu wamba n'kudzamanga m'maenje momwemo, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi amadikha m'menemo. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992 anthu othawa kumtunda anadzaza derali, mpaka pano anthu ambiri a pachilumbapo amakhala kumeneko. Simufunika wokufotokozerani kuti mudziwe anali pamwamba ndani, nthaka yomwe ikukuonetsani.

Ndiye ngati masiku anu ndi ochepa ndipo mukufuna zosavuta, Stone Town ndi yofikirika, boti lochokera ku Dar es Salaam ndi pafupifupi maola 2, ndege ziliponso, okuyendetsani ndi mbwee, kungoti muzipirira khamu la alendo anzanu ndi ogulitsa okutsatani ngodya iliyonse. Ilha imafuna mtima, mufike kaye ku Nampula, muyende maola angapo pa msewu, kenako mlatho wopitirira makilomita 3 womwe ndi wopapatiza moti magalimoto amachita kudikirana, ndipo kaChipwitikizi pang'ono kakuthandizani. Ine ndinganene kuti pitani ku Ilha kaye, chifukwa nyumba zake zikuwonongeka ndipo zina zomwe zilipo lero sizidikira zaka zambiri, Stone Town mudzaipezabe.