Sitima za ku London zikudzaza Lachitatu, Lachisanu mipando ili mbee

Boma la Britain litalamula anthu kuti abindikire m'nyumba pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, okwera sitima zapansi panthaka mumzinda wa London anachepa ndi pafupifupi 95 peresenti, a mabasi ndi pafupifupi 85 peresenti. Bungwe loyendetsa zamtengatenga mumzindawu, Transport for London, linkapeza ndalama zoposa 70 peresenti pogulitsa matikiti, choncho thumba linauma msangamsanga. Mu Meyi chaka chomwecho boma linapereka mapaundi 1.6 biliyoni kuti sitima ndi mabasi zisaime.

Wina angafunse kuti bwanji osangochepetsa sitimazo. Vuto ndi lakuti sitima imadya ndalama pafupifupi zofanana, kaya yadzaza kaya muli anthu khumi: woyendetsa alipidwe, magetsi alipiridwe, njanji ikonzedwe. Komanso wokonza dongosolo la maulendo sawerengera anthu a sabata yonse. Iye amayang'ana ola lothinana kwambiri, monga la pakati pa 8 ndi 9 koloko m'mawa, n'kugawa chiwerengero cha okwera pa olalo ndi cha anthu okwana m'sitima imodzi. Yankho lake ndi limene limamuuza sitima, oyendetsa ndi malo oimikapo zofunika.

Apa ndi pamene kugwirira ntchito kunyumba kwasokoneza masamu. Tiyerekeze ofesi ya anthu 100, aliyense akubwera masiku atatu m'malo mwa asanu. Maulendo a pasabata atsika kuchoka pa 500 kufika pa 300, ndalama za matikiti nazonso zatsika. Koma onse akasankha Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, monga ambiri achitira ku London, Lachitatu m'mawa papulatifomu paimabe anthu 100 omwe aja, mapewa kugundana pakhomo la sitima. Sitima zofunika sizinachepe ngakhale imodzi.

Akuluakulu ayesa njira zingapo. Mu Juni 2021 makampani a njanji ku England anayamba kugulitsa tikiti yoyendera masiku 8 alionse mkati mwa masiku 28. Mu 2024, kuyambira Marichi mpaka Meyi, meya wa London Sadiq Khan anatsitsa mitengo ya Lachisanu m'maola othinana pofuna kukopa anthu, koma dongosololi silinapitirire. Mtengo pawokha subweza munthu kuofesi ngati anzake onse ali kunyumba tsikulo.

Choopsa kwambiri ndi kudula maulendo mwachisawawa. Namwino, wosamalira okalamba ndi wosesa m'maofesi sangagwire ntchito pakompyuta ali pabalaza. Sitima zitachepetsedwa mu Marichi 2020, anthu oterewa ankapanikizana m'mabogi mbandakucha, nthawi imene ankauzidwa kuti atalikirane mamita awiri. Ulendo usanachotsedwe, pamafunika kuwerenga okwera tsiku ndi tsiku, ola ndi ola, pasiteshoni iliyonse, pogwiritsa ntchito zimene makadi olipirira ulendo a Oyster amasonyeza, ndipo basi ya 5 koloko m'mawa ikhale yomaliza kuikhudza.