Mitundu ya pachithunzi ili ngati mchere wa m'ndiwo

Masabata awiri apitawo kunabwera mayi wina kusitudiyo kwathu, foni ili m'manja. Mdzukulu wawo anali atawakonzera zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, ndipo ankafuna kuti tiwachapire chimodzi chachikulu chokoloweka pakhoma. Nditachitsegula pa kompyuta, mayiwo anagwira pakamwa. Udzu unali biriwiri ngati wapulasitiki, chitenje cha mwana wawo chinangosanduka chinsalu chofiira chopanda maluwa, nkhope za onse zili psuu ngati njerwa zootcha. "Achimwene, mwana wanga sali chonchi ayi," anatero.

Mnyamatayo cholinga chake chinali chabwino. Anaona chithunzi chili mbuu, n'kukoka kabatani kotchedwa Saturation mpaka kumapeto. Vuto la kabatani kameneka n'lakuti kamakweza mitundu yonse mofanana, wofooka ndi wamphamvu womwe. Pa chithunzi cha JPEG, mtundu wa fayilo umene mafoni ambiri amasungiramo zithunzi, kadontho kalikonse kamapangidwa ndi kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo uliwonse mwa mitundu itatuyi uli ndi masitepe kuyambira 0 kulekeza 255. Kufiira kukangofika pa 255 kulibenso kokwera. Timadontho tonse toyandikana timafanana, ndipo m'pamene maluwa a chitenje amathawira. Ndiwo zikasukuluka, nzeru si kuthiramo mchere wodzaza dzanja. Umayamba walawa kuti udziwe chavuta n'chiyani.

Nthawi zambiri chimene chavuta ndi kuwala kumene chithunzicho chinajambulidwira. Maso athu ndi ochenjera: shati yoyera timaiona yoyera kaya tili padzuwa kaya pansi pa babu. Kamera imangoyerekeza, ndipo kawirikawiri imaphonya. Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, womwe timauyeza mu Kelvin. Babu lachikale lija limakhala cha m'ma 2,700, n'chifukwa chake zithunzi za m'nyumba zimatuluka zachikasu. Dzuwa la masana lili cha m'ma 5,500, pomwe mthunzi umapitirira 7,000 ndipo umakokera ku buluu. Ndiye pali za kwathu kuno: tenti yabuluu ya paukwati imapaka aliyense buluu, mtengo wa mango umathira kubiriwira pamphumi, dothi lakatondo limabweza kufiira kukhosi ndi kunsi kwa chibwano. Mukakweza Saturation musanachotse zimenezi, ndiye kuti mukukweza cholakwikacho.

Choncho poyambira ndi pa White Balance, kukonza mtundu wa kuwala kuti choyera chioneke choyera. Mu mapulogalamu okonzera zithunzi a Lightroom ndi Snapseed muli kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Kagunditseni pa chinthu chimene mukudziwa kuti ndi choyera kapena chotuwa, monga kolala ya shati imene ili pamthunzi. Pewani pamene payera mothobwa m'maso, chifukwa pamenepo sipanatsale mtundu woti pulogalamu iwerenge. Kenako sunthani pang'ono Temperature, yomwe imayenda pakati pa buluu ndi chikasu, ndi Tint, yomwe imachotsa kubiriwira kwa pansi pa mtengo kuja. Mudzaona mitundu ikudzuka yokha musanakhudze china chilichonse. Koma ngati mwajambula dzuwa likulowa, kufiira kwa madzulo kusiyeni. Ndi kumene kunakuchititsani kutulutsa kamera.

Tsopano za khungu, pamene ine mtima wanga uli. Kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1950, malo ochapira zithunzi ankalinganiza makina awo poyang'ana khadi la kampani ya Kodak lotchedwa Shirley, pomwe panali mzimayi wachizungu. Khungu lakuda silinali m'maganizo a opanga filimu ya m'kamera. Makamera a lero asintha kwambiri, komabe vuto lina lidakalipo. Mkwatibwi akavala diresi loyera, kamera imaona kuyera kochuluka n'kudetsa chithunzi chonse, nkhope n'kumira mumdima. Okonza ambiri amangowalitsa chithunzi chonse, munthu n'kutuluka ali mbuu ngati sanadzole mafuta. Ena amachita dala kumuyeretsa kuti aoneke "bwino". Zimenezi ine ndimakana. Khungu lakuda lili ndi kufiirira kwake, kwina kokokera ku golide, kwina ku mtundu wa khofi, ndipo ntchito yathu n'kukuonetsa mmene kulili.

Chimene ndimachita n'kukweza Shadows (mbali zamdima) pang'ono kuti nkhope ituluke, n'kutsitsa Highlights (mbali zowala) kuti zopeta za diresi zioneke. Kenako ndimalowa mu gawo lotchedwa HSL, momwe mtundu uliwonse umakonzedwa pawokha. Khungu la munthu aliyense, woyera kapena wakuda, limagwera pakati pa olenji ndi kufiira. Pa olenji ndimakweza Luminance (kuwala kwa mtunduwo) pang'ono chabe, Saturation yake osaikhudza. Udzu ukachita chikasu chonyanya kapena thambo likazilala, ndimakonza kubiriwira ndi buluu paokha, anthu n'kutsala mmene analili.

Ngati pambuyo pa zonsezi chithunzi chikufunabe kamchere, gwiritsani ntchito Vibrance. Iyi imakweza kwambiri mitundu yofooka, n'kusiya imene yakhuta kale, komanso imasamala khungu. Ine sindipitirira 20 kawirikawiri.

Amene kamera kapena foni yawo imalola kujambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, ali ndi mwayi waukulu. M'malo mwa masitepe 256, RAW imasunga 4,096 kapena 16,384 pa mtundu uliwonse, ndipo White Balance mutha kuisintha pambuyo pake chithunzi osawonongeka. Imadya malo ambiri, koma pa tsiku losabwereza ngati la ukwati ndi yoyenera.

Chenjeraninso ndi maso anu omwe. Mukayang'anitsitsa chithunzi kwa nthawi yaitali amazolowera, chofiiritsa n'kumaoneka chabwinobwino. Imirirani, kamweni tiyi, mukabwerako muchiyerekeze ndi choyamba chija. Musanayambe kukonza, zimitsani kuwala kwachikasu kwa pa foni kapena pa kompyuta koteteza maso usiku. Pomaliza sungani mu sRGB, muyezo umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, womwe mafoni, intaneti ndi makina ambiri ochapira amaumva mofanana.

Mayi aja tinawapempha kuti mdzukulu wawo atitumizire chithunzi chosakonza, ndipo achitumize pa WhatsApp ngati dokyumenti kuti chisafinyidwe. Anali atajambulira pansi pa mtengo wa mango. Ndinachotsa kubiriwirako, n'kukweza Shadows, n'kuika Vibrance pa 12. Maluwa achikasu a chitenje anabwerera, ngakhale kadontho kakuda ka patsaya la mwana wawo kanaonekanso. Mayiwo anakaloza ndi chala. "Eya, uyu ndiye wanga. Chapani ziwiri, china chipite kwa apongozi."