Mmene a Mboni anasandukira "adani a boma"

Mu Lusaka muno, ukadutsa pa Cairo Road kapena pokwerera mabasi pa Kulima Tower m'mawa, sulephera kuona a Mboni za Yehova ataima pambali pa kashelefu kamatayala kodzaza timabuku. Sakuwa, sakoka munthu malaya. Koma mukangokwera minibasi mumamva mawu omwe aja: "Achitawala awo, savota, saimba nyimbo ya fuko, ngodana ndi boma." Ambiri olankhula zimenezi sanakhalepo pansi ndi wa Mboni n'kumufunsa. Anazimva kwa agogo awo, ndipo agogowo anazimva kwa atsamunda ndi kwa anthu a chipani.

Nkhaniyi inayambira kutsidya, ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi. Mu 1908 Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay, anabwerera kwawo kuchokera ku South Africa ali ndi mabuku a Watch Tower, bungwe la a Mboni lomwe dzina loti Achitawala linachokerako. M'miyezi yochepa anabatiza anthu masauzande, akulalikira kuti ulamuliro wa azungu ndi msonkho wawo zatsala pang'ono kutha. Mu 1909 atsamunda anamuchotsa m'dzikomo, koma chiphunzitsocho chinali chitanyamuka kale ndi amuna opita kukagwira ntchito kumigodi. Timagulu tambiri tinabuka, aliyense akudzitcha wa Watch Tower popanda womuyang'anira.

Mmodzi wa iwo ndiye anaipitsa dzina kotheratu. Tomo Nyirenda, amene ankadzitcha Mwana Lesa, anafika kwa Alala cha ku Mkushi mu 1925, n'kusandutsa ubatizo kukhala njira yogwirira mfiti. Amene ankawaganizira ufiti ankawamiza m'madzi mpaka kufa. Ananyongedwa ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1926. Kuyambira pamenepo boma silinkasiyanitsanso wakupha ndi munthu wongowerenga kabuku pakhonde pake. Antchito a m'migodi ya Copperbelt atanyanyala ntchito mu 1935 chifukwa cha kusintha kwa msonkho, bungwe lofufuza linaloza chala Watch Tower, ndipo ena mwa mabuku awo analetsedwa.

Munthu akanayembekeza kuti ufulu wa 1964 ubweretsa mpumulo, koma zinthu zinangokulirakulira. Nthawi ya UNIP, chipani chomwe chinkalamula Zambia, khadi la chipani linali chiphaso cholowera pamsika ndi chokwerera basi, ndipo anyamata a chipani ankaima pakhomo kulifunsa. A Mboni ankati msonkho tikhoma, malamulo titsata, za Kaisara tipereka kwa Kaisara, koma khadi sitigula ndipo mbendera sitiichitira sawatcha, popeza kwa ife kutero n'kulambira. Dziko linali laling'ono msinkhu, lozunguliridwa ndi maboma a azungu ku Rhodesia, Angola ndi Mozambique, choncho aliyense wokana khadi ankaoneka ngati kazitape. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Chimene sindivomereza n'chakuti anagwera pa ana asukulu.

Mu 1967 mlandu wa Kachasu unafika ku khoti lalikulu. Mtsikana wa Mboni wa dzinali, wa pulayimale ku Mufulira, anachotsedwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira mbendera sawatcha, ndipo khoti linagamula mokomera boma. Ana ambiri a Mboni anathera pomwepo sukulu. Chisankho cha 1968 chitadutsa, nyumba za a Mboni ndi Nyumba za Ufumu zomwe amapemphereramo zinatenthedwa m'madera ena, ndipo mu 1969 boma linaletsa kulalikira khomo ndi khomo. Mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina, womwenso unakangana ndi UNIP pa za makhadi, unaona zoopsa kuposa pamenepa: anthu oposa 700 anafa ku Chinsali ndi ku Lundazi mu 1964, ndipo mayiyo anamwalira mu 1978 ali pa ukaidi wosachoka panyumba ku Chilenje konkuno.

Ife a Kum'mawa tili ndi gawo lathu m'mbiriyi. Ku Malawi boma la Kamuzu Banda linaletsa a Mboni mu 1967, ndipo mu 1972 msonkhano wa chipani chake cha MCP unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. A Payoniya a Kamuzu (Malawi Young Pioneers) ndi achinyamata a chipani anawamenya, anawawotchera nyumba ndi nkhokwe, anagwirira amayi. Anthu pafupifupi 20,000 anadutsa malire wapansi, ana kumsana, mphika ndi bulangete pamutu, n'kukaunjikana pamsasa wa Sinda Misale. Madzi abwino anali osowa, mvula inali itayamba, ndipo anthu mazana angapo, ambiri a iwo ana, anafera pomwepo. Anali anthu a chiyankhulo chathu, a Phiri, a Banda, a Mbewe, ena achibale enieni a midzi yoyandikana ndi msasawo. Mu Disembala chaka chomwecho anakwezedwa m'malole n'kubwezedwa ku Malawi, m'manja mwa omwe anawathamangitsa aja. Ambiri anathawanso, ulendo uno kulowera ku Mozambique. Chiletso cha ku Malawi chinadzachotsedwa mu Ogasiti 1993.

Ine sindine wa Mboni, ndipo nkhani yawo yokana magazi kuchipatala imandipweteka mtima, makamaka wodwalayo akakhala mwana. Zimenezo tikhoza kutsutsana nawo maso ndi maso. Koma zoti ngoukira boma ndi bodza lomwe tinalandira kwa atsamunda, chifukwa pa zaka zonsezi a Mboni sananyamulepo chida polimbana ndi boma la Zambia kapena la Malawi.

Pa 29 Disembala 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Lero a Mboni ali ndi likulu lawo ku Makeni ndipo amagogoda pazipata za ku Matero ndi ku Chawama popanda wowafunsa khadi. Koma mipingo yathu ikuluikulu, yomwe imakumbukira bwino makalata a mabishopu otsutsa boma la chipani chimodzi, sikawirikawiri kuimva ikutchula za Sinda Misale paguwa.