Chilatini cha ku Mtunthama

Ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, kuli mtengo wa kachere womwe amati Hastings Kamuzu Banda anaphunzirirapo a e i o u ali mwana. Chapafupi pomwepo ndi pomwe anadzamangapo Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981 kuti izisula atsogoleri a mawa a dziko lino.

Ana ankasankhidwa kuchokera m'boma lililonse, okhawo okhoza bwino kwambiri, ndipo makolo sankalipira kanthu. Mwana wa mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, yemwe dzulodzulo ankaponda fumbi chosavala nsapato, ankapezeka wavala jekete ndi tayi, buku lili m'manja m'laibulale yaikulu. Apa pokha ine ndimavula chipewa, chifukwa umphawi wa bambo ake sunamutsekere chitseko mwanayo.

Mkangano unagona pa kaphunzitsidwe. Kamuzu ankakhulupirira kuti munthu wosadziwa Chilatini ndi Chigiriki chakale sanaphunzire kwenikweni, choncho mwana aliyense ankayenera kuphunzira ziyankhulo ziwirizi, afune asafune. Aphunzitsi anali azungu, ambiri ochokera ku Britain, ndipo Mmalawi sankapatsidwa choko pasukulupo. Chichewa sichinkaphunzitsidwa, ana ankayenera kuyankhula Chingerezi basi. Izitu zinkachitika pansi pa mtsogoleri yemweyo amene boma lake linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Kwathu mfumu imaphunzira ufumu pabwalo, itakhala pambali pa nduna ndi akuluakulu, ikumva momwe amafunsira mboni, momwe mwambi umodzi umaziziritsira mitima ya anthu okangana malire a munda. Mwana wodziwa Cicero, mlembi wa Chilatini wa ku Roma wakale, koma wosatha kupepesa pamaliro m'chiyankhulo cha agogo ake anamanidwa mbali yaikulu ya maphunziro a utsogoleri.

Komabe sukuluyi yatulutsa madokotala, maloya ndi andale, kuphatikizapo Catherine Gotani Hara, mayi woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019.

Kamuzu atagonja pa chisankho cha 1994, n'kumwalira mu 1997, ndalama zoyendetsera sukuluyi zinavuta. Inasanduka yolipira, aphunzitsi a Chimalawi analowa m'kalasi, Chilatini chinatsalabe. Chomwe chinachepa ndi malo a mwana uja wa ku Nsanje, amene makolo ake sangaikwanitse fizi ngakhale atagulitsa mbuzi zonse za m'khola.