Tchuthi chachitali cha ulendo: ofesi yoona za antchito ikuyankha

Chiyambireni mwezi uno, benchi ya pakhomo pa ofesi yathu yoona za antchito a kampani ino kuno ku Luwinga, mu Mzuzu, siikupuma. Lolemba m'mawa tinapeza anthu atandandana kale, bambo wina tikiti ya basi ya ku Joni ili m'thumba la shati, akuti angofuna siginecha basi. Pa gulu la WhatsApp la antchito pakuyendanso mphekesera yoti ofesi yaletsa tchuthi chachitali. Sitinaletse. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene akubwera mobwerezabwereza, ndiye tayankha pamodzi kuti pasakhale zoti uyu anauzidwa zina, uyo zina.

Kodi lamulo limandipatsa masiku angati a tchuthi pa chaka?

Gawo 44 la lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, limapereka masiku 18 kwa amene amagwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa amene amagwira masiku 5, malipiro osadulidwa.

Ine ndikufuna miyezi iwiri kapena itatu. Kampani ingandikanize?

Ingathe, ndipo apa ndi pamene ambiri tikusemphana. Lamulo limatchula tchuthi cha pachaka, cha matenda, cha uchembere chomwe ndi masabata osachepera 8, ndipo kuchokera mu 2021 abambo nawo ali ndi masabata awiri mwana akabadwa m'banja mwawo. Tchuthi choti munthu akayende, kaya kukaona mkazi ku Cape Town, kaya kukapikula katundu ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, kaya ulendo wa chipembedzo, lamulo silichitchula ngati ufulu. Chimenecho ndi chogwirizana pakati pa inu ndi olemba ntchito, ndipo nthawi zambiri chimakhala chopanda malipiro.

Tikalandira pempho timayang'ana zinthu zingapo: ndani agwire ntchito yanu mukachoka, ndi anthu angati a m'dipatimenti yanu amene apempha nthawi yomweyo, komanso ngati masiku anu a pachaka munawatha kale. Disembala ndiye mwezi wovuta, aliyense amafuna womwewo. Sitinganene pano kuti wakuti adzaloledwa, wakuti ayi, chifukwa pempho lililonse limaonedwa palokha. Chimene tinganene n'chakuti amene wabwera msanga, atakambirana kale ndi kapitawo wake za womugwirira ntchito, amayankhidwa mosavuta kusiyana ndi amene wafika Lachinayi basi ikunyamuka Loweruka.

Ndipempha bwanji?

Lembani kalata yotchula tsiku lochoka, tsiku lobwerera ndi chifukwa cha ulendo, ipite kwa kapitawo wanu kenako kwa ife, kudakali mwezi wathunthu. "Abwana anavomera pakamwa" si chilolezo.

Ndingasunge masiku a chaka chino kuti ndiwaphatikize ndi a chaka chamawa?

Lamulo limalola kusunga masiku ngati mbali zonse ziwiri zagwirizana. Kungokhala osapita ku tchuthi mwakachetechete, n'kudzatulukira ndi masamu anu pakatha zaka zitatu, kumeneko si kugwirizana. Bwerani tilembe mufailo yanu.

Nanga malipiro, penshoni ndi ngongole zikhala bwanji nthawi imene ndili kunja?

Funso ili tiliyankha mosamala, chifukwa limatengera kalata yanu yolembedwera ntchito ndi zimene munasainira kwa okongoza ndalama. Masiku a tchuthi cha pachaka mumalipidwa monse. Akatha amenewo, masiku otsatira ndi opanda malipiro, ndipo mwezi umene mwagwira theka mulandira za theka.

Pa penshoni, lamulo limati olemba ntchito aziponya 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro. Popeza ndalamazi zimawerengeredwa pa malipiro, mwezi wopanda malipiro nthawi zambiri umakhalanso wopanda choponya. Zimene munasunga kale sizitha ayi, zikhalabe m'dzina lanu, kungoti miyezi imeneyo pa sitetimenti idzaoneka yopanda kanthu.

Ngongole ndiye zimene zaliza anthu. Ya ku SACCO kapena ya ku banki imene timadula pa malipiro siipita nanu ku tchuthi. Ife sitingadule pamene palibe chodula, ndipo chiwongola dzanja chimapitirira kukwera. Wina anabwerako bwinobwino atanyamula zikwama zamizeremizere zija zodzaza mabulangete, koma malipiro ake oyamba atatuluka anatsala ndi ndalama yosakwana thumba la chimanga, chifukwa okongoza anatenga za miyezi yonse nthawi imodzi. Anakwiyira ofesi yathu, pomwe mgwirizano wa ngongolewo ife sitinasaine nawo. Pitani kwa okongoza musanachoke, mukagwirizane polemba. Za sikimu ya chipatala, funsani payekhapayekha: kuti khadi lisatsekedwe, mwina mungafunike kulipiriratu gawo lanu, ndipo tikuuziranitu kuti si chipatala chilichonse cha kunja chimene chingalandire khadilo.

Ndikadzabwera ntchito yanga ndidzaipeza?

Ngati muli ndi kalata yathu yovomereza ndipo mwabwera tsiku lolembedwamo, inde. Tchuthi chovomerezeka si kusiya ntchito. Shifiti kapena malo okhala muofesi mwina mungapeze atasintha.

Bwanji ena anapatsidwa miyezi itatu chaka chatha, ife tikukanizidwa? Si kukondera kumeneku?

Tikudziwa amene mukunena, ndipo sitikambirana failo ya munthu pagulu. Komabe tivomereze kuti m'mbuyomu mapempho ena ankathera muofesi ya bwana wa dipatimenti osafika kwa ife, choncho mayankho ankasiyana. Izi zinachitikadi. N'chifukwa chake tsopano pempho lililonse, kaya ndi la mlonda kaya ndi la manijala, likudutsa njira imodzi. N'zoonanso kuti ntchito zina womugwirira mnzake amapezeka msanga pomwe zina ayi. Kalaliki wa ku sitolo ali ndi anzake, koma amene amakonza jenereta magetsi akazima alipo mmodzi yekha. Iyeyo akamakanizidwa zimaoneka ngati nkhanza, ife tikudziwa.

Kodi kampani imamva za maliro ndi matenda a kumudzi?

Kwambiri. Palibe amene anakanizidwapo kupita kukaika mbale wake ku Mzimba, ku Nkhata Bay kapena ku Chitipa. Nkhani ya maliro ili ndi ndondomeko yakeyake, musaisakanize ndi ya ulendo.

Ndapatsidwa miyezi iwiri ndipo ndikupita ku South Africa. Pali vuto?

Ife si a Immigration, koma tanenapo chifukwa zatikhudza. Mmalawi wolowa ku South Africa kukacheza popanda viza amaloledwa masiku osapitirira 30, ndipo chofunika ndi tsiku limene adinda mu pasipoti pa chipata cha Beitbridge. Kalata yathu ya miyezi iwiri siwonjezera tsiku ngakhale limodzi pa chidindocho. Wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi, ndipo wogwidwa akhoza kukathera ku Lindela, malo osungirako anthu obwera opanda zikalata zoyenera, kudikira kubwezedwa. Tinenenso poyera: ngati cholinga ndi kukayesa maganyu kwinaku mukusunga mpando kuno, kalata zathu zolembera ntchito zimafuna kuti mutiuze. Ena safuna kumva zimenezi.

Ndachedwa kubwerera. Basi inafa, kapena mvula yaononga msewu pa Chiweta pochokera ku Songwe. Ndichotsedwa ntchito?

Osati nthawi yomweyo. Gawo 59 la Employment Act limalola kuchotsa munthu amene wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka, koma gawo 57 limati ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Ndiye tidzakuitanani, tidzamva mbali yanu. Imbani kapena tumizani uthenga tsiku lobwerera lisanakwane, sungani tikiti ndi chidindo cha pachipata. Kuchedwa masiku awiri mutatidziwitsa n'kosiyana ndi kusowa masabata atatu, kenako uthenga wa mawu n'kubwera usiku pa nambala yachilendo yoyamba ndi +27 kuti "bwana, zinthu zinavuta pang'ono".

Ndingagwiritse ntchito tchuthi cha matenda?

Ayi. Masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka amene gawo 46 limapereka kwa amene wakwanitsa chaka pantchito ndi a munthu wodwala, wokhala ndi kalata ya dokotala. Zithunzi za pa Facebook timaziona ifenso.

Ndikaona kuti sindinathandizidwe mwachilungamo, ndipite kuti?

Yambani ndi kalata kwa mkulu wa kampani, kapena dzerani kwa nthumwi ya antchito. Zikakanika, ofesi ya boma ya zantchito ilipo kuno ku Mzuzu, ndipo khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, limamva milandu konkuno. Palibe amene adzalangidwe chifukwa chodandaula. Amene munapereka kale makalata a Disembala mudikire yankho lolembedwa musanagule tikiti, ndipo amene munagula kale, bwerani nayo Lachitatu m'mawa tione chochita.