Hutala Sinachotse Nthawi m'Manja mwa Woyimbira

Ndakhala ndikuyimbira mpira wa Gaelic m'makalabu a kuno ku Ireland kwa zaka zingapo, ndipo chiyambire 2025 sipatha sabata ndisanamve wina akunena kuti popeza kunabwera hutala, lipenga lolira nthawi ya masewero ikakwana, woyimbira alibenso gawo pa nthawi ya masewero. Ndamva izi kwa aphunzitsi a matimu, kwa makolo oyima m'mbali mwa bwalo, ngakhalenso kwa abale athu ochokera kumudzi amene ana awo analowa m'makalabu a GAA, bungwe loyendetsa masewerowa. Mawuwa si oona, ndipo ndatopa nawo chifukwa amene amalawa zowawa zake ndi woyimbira wa pabwalo laling'ono pamene palibe hutala n'komwe.

Komiti imene anatsogolera Jim Gavin, mphunzitsi wakale wa Dublin, itabweretsa malamulo atsopano mu 2025, inaika wotchi yoonekera kwa aliyense pamodzi ndi hutala pa masewero akuluakulu a matimu a maboma, amene amakhala a mphindi 70. Pali munthu woyang'anira wotchiyo, koma saimitsa mwa kufuna kwake. Amadikira chizindikiro cha woyimbira, wosewera akavulala kapena pakachitika china chochedwetsa masewero. Choncho woyimbira akachedwa kukweza manja, masekondi amenewo apita ndithu. Mpira wa amayi wakhala ukugwiritsa ntchito njira yotere kwa zaka zambiri, moti abambo anangochedwa kuitengera.

Vuto lenileni linali pa funso lakuti hutala ikalira, masewero atha pomwepo kapena ayi. Kumayambiriro kwa ligi ya 2025 ankatha pomwepo, kenaka lamulolo linasinthidwa mkati mwa ligi yomweyo kuti masewero azipitirira mpaka mpira utatuluka m'bwalo. Matimu anaphunzira msanga kusunga mpira, kupatsirana uku ndi uku, kudikira hutala kuti adani asapezenso mpata woyankha. Amene anaonera masewero omaliza a All-Ireland, mpikisano waukulu wa maboma onse, pa bwalo la Croke Park chaka chimenecho akukumbukira mmene Kerry inasungira mpira kumapeto kwa gawo loyamba, mpaka David Clifford anaponya wa mapointi awiri hutala italira kale. Kerry inapambana Donegal 1-26 kwa 0-19 (nambala yoyamba ndi zigoli, yachiwiri ndi mapointi, ndipo chigoli chimodzi ndi mapointi atatu), ndipo palibe lamulo limene inaphwanya. Koma ine sindivomereza lamulo lolipira timu chifukwa chokana kusewera kwa mphindi ziwiri zathunthu.

Chimene chimandivutabe mumtima ndi masewero ena a makalabu, a mphindi 60, amene ndinayimbira madzulo ena a mvula. Mnyamata wina anagwa atagundana mutu ndi mnzake, ndipo ndinathamangira kwa iye ndisanaimitse wotchi yanga, chifukwa maso ake anali atatembenuka. Atamunyamula, ndinawerengera mwa m'mutu kuti patayika mphindi zinayi, n'kuziwonjezera. M'mphindi yachinayiyo timu imene inali kumbuyo inamwetsa chigoli, n'kupambana ndi pointi imodzi, ndipo timu inayo inatuluka mu mpikisano wa chaka chonse. Mpaka lero sindingalumbire kuti zinali mphindi zinayi osati zitatu. Anyamata amene anatulukawo anachita zokonzekera kuyambira m'nyengo yozizira, ena akuchokera kuntchito usiku, popanda malipiro alionse, pakuti masewerowa salipira osewera. Ndikanayambanso ndi mnyamata wovulalayo ngakhale lero, koma bwenzi zili bwino pakanakhala munthu wachiwiri wosunga nthawi pambali pa bwalo.

Nkhani ya nthawi siingalekanitsidwe ndi kakonzedwe ka mipikisano, chifukwa sekondi imalemera malinga ndi chimene timu ingataye. Kale timu ya boma ikagonja kamodzi mu mpikisano wa m'chigawo chake, chimodzi mwa zigawo zinayi za Ireland, inali itatuluka mu All-Ireland, mpaka mu 2001 pamene anatsegula khomo la kuseri, lopereka mwayi wachiwiri kwa matimu ogonja m'zigawo, ndipo Galway inadzera kumeneko n'kutenga chikho cha Sam Maguire, cha opambana All-Ireland, chaka chomwecho. Mu 2023 anapitirira muyezo: matimu 16 m'magulu anayi, masewero 24 ongochotsera matimu anayi okha. Anthu sanapusitsike, ambiri anakhala kunyumba. Njira imene inavomerezedwa kuti iyambe mu 2026, yoti timu ikagonja kawiri ndime ya makotafainolo isanafike izituluka, ikubwezera kulemera pa masewero alionse, ndiye kuti ikubwezeranso kulemera pa wotchi.

Zigawo zinayi zija ndiye mutu waukulu. Ulster ili ndi maboma 9 olimbana koopsa, Munster ili ndi 6 okha, ndipo ku Leinster, Dublin inatenga chikho cha chigawocho zaka 14 zotsatizana kuyambira 2011 mpaka 2024. Mu Okutobala 2021 ganizo lomanga mpikisano waukulu pa ligi linapeza mavoti opitirira theka pang'ono, koma linagwa chifukwa pankafunika mavoti 60 pa 100 alionse. Chikho cha Tailteann, cha matimu amene sanalowe mu mpikisano waukulu, chimene Westmeath inayamba kutenga mu 2022, chinathandiza maboma ang'onoang'ono, koma kuzengereza kukonza zigawo kwadyetsa osewera ambiri zaka zawo zabwino akugonja ndi mapointi ochuluka pamaso pa abale awo.

Chenjezo langa lalikulu likupita kwa makolo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza akatswiri odziika okha, amene amafotokoza lamulo la hutala limene anaona pa kanema ngati kuti likugwira ntchito pa masewero a ana a zaka 14. Ena mwa iwo amaphunzitsa ana kugona pansi ngati avulala kuti nthawi ithe, ndipo zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa woyimbira amene wanamizidwa katatu angathe kuchedwa pa mwana amene wavulaladi m'mutu. Malamulo a nthawi asintha kangapo m'kanthawi kochepa, choncho musanakalipire woyimbira, funsani mlembi wa kalabu yanu malamulo a mpikisano umene mwana wanu akusewera chaka chino, ndipo mukaona mphunzitsi akuuza mwana kuti agone pansi, kanenedzeni ku komiti ya kalabu tsiku lomwelo.